Njira ya Ndege Yocokera ku London Kunka ku Johannesburg

Lero tikambirana za ulendo wa pandege wocokera ku London kunka ku Johannesburg. Tikauyesa molunjika, mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi uli ngati mamailosi 5,600, ndiwo makilomita 9,000. Mtundawo uli monga unaliri kale, koma nthawi ya ulendo yafupika kwambiri, ndipo maiko athu ali ndi mbali yao m'nkhaniyi.

M'caka ca 1920 amuna awiri, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku Mangalande pa 4 February, nafika ku Cape Town pa 20 March, atatha masiku 45. Ndege ziwiri zinawaphwanyikira panjira, yaciwiriyo pa Bulawayo, ndipo anatsiriza ulendo ndi yacitatu.

Pofika 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata ndi anthu panjira imeneyi, ndipo kufika ku Cape Town kunali kutenga masiku 11. Nanga kucedwa kotere kunali cifukwa ninji? Ndege za masiku aja sizinali kunyamula mafuta ambiri, ndiponso kawirikawiri sizinali kuuluka usiku. Cotero zinali kutera malo ambiri, monga Mpika, Broken Hill (tsopano Kabwe), Salisbury (tsopano Harare) ndi Bulawayo, ndipo kukada apaulendo anali kugona m'nyumba za alendo.

Mu 1948 kampani ya BOAC inaika panjirayi ndege zotera pamadzi, zimene zinali kutha masiku anai ndi theka. Zinali kutera pamtsinje wa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Victoria Falls, ndipo kuyambira 1949 zina zinali kuteranso pa Cape Maclear, pa Nyanja ya Malawi. Maulendo amenewa analekeka mu 1950.

Pa 2 May 1952 ndege yochedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36. Inali yoyamba pa dziko lonse kunyamula apaulendo olipira ndi mphamvu ya injini za jeti. Inatera pa Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg itatha maola 23 ndi mphindi 40. Popeza njira yace inali yokhota, inayenda mamailosi oposa 6,700. Koma akulu anati kuthamanga sikufika. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu umenewu zinasweka zili m'mwamba pafupi ndi Italy, ndipo onse anali m'menemo anafa. Akatswiri anapeza kuti citsulo ca thupi la ndege cinali kufooka pang'ono pang'ono paulendo uli wonse, kufikira cinang'ambika. Zimene anaphunzira pamenepo zinathandiza kulimbitsa ndege zobwera pambuyo.

Masiku ano ndege imanyamuka ku London madzulo nifika ku Johannesburg m'mawa, itauluka maola ngati 11 osatera pali ponse. Ici ndi cokondweretsa, komatu tataya kanthu. Mpika, Livingstone ndi Cape Maclear anali pamseu waukulu wa ndege cifukwa ndegezo zinali zofooka. Zitakula mphamvu, zinaleka kuimapo. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka wofuna kunka ku London kawirikawiri ayenera kusintha ndege ku Nairobi, ku Addis Ababa, pena kubwerera kumwera ku Johannesburg.