Ulendo wa Mbale Zoimba m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Woimba wa masiku ano akajambula nyimbo zake n'kuziika pamodzi, anthu amati watulutsa chimbale. Amatero ngakhale nyimbozo zili m'foni kapena pa intaneti, momwe mulibe kanthu kalikonse kofanana ndi mbale. Liwuli ndi mkute wa nthawi imene nyimbo inalidi chinthu chogwirika: mbale yakuda, yophwatalala, yokhala ndi kabowo pakati, imene munthu ankatha kuibwereka, kuibisa m'bokosi la zovala, ngakhalenso kuiphwanya. Mbale imeneyi pamodzi ndi makina oizungulitsa inafika mpaka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo inafikako itasenzedwa pamutu.

M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba otha kusunga mawu ndi kuwabwereza. Patapita zaka khumi, mu 1887, Emile Berliner, Mjeremani wokhala ku America komweko, anapeza njira yolembera mawu pa mbale yophwatalala, ndipo makina ake ndiwo galamafoni. Pa mbale yotere pali kanjira kamodzi kokha kamene kamayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Kanjirako n'kokhotakhota, ndipo singano ikamayendamo imanjenjemera motsata makhotawo. Kunjenjemerako ndiko kumasanduka mawu. Tsono chinsinsi chonse chagona pa liwiro. Mbale ikathamanga mopitirira muyeso, mawu a bambo amamveka ngati a kamwana. Ikachedwa, namwali amalira ngati ng'ombe. Ikamasinthasintha, nyimbo imadzandira ngati munthu wochokera kumowa. Ntchito yaikulu ya amisiri pa zaka zoposa 100 yakhala yofunafuna njira yakuti mbale izizungulira pa liwiro limodzi losasintha.

Chimene chinabweretsa makinawa ku Dowa ndi ku Ntchisi si malonda ayi, koma msonkho. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, boma linayamba kukhometsa msonkho wa nyumba, ndipo mwamuna aliyense anayenera kupeza ndalama. Ena anaipeza polima fodya, amene anafala kwambiri m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920. Koma ambiri anamanga katundu nalowera kummwera: ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya ku Wankie ndi ku migodi ya golide ya ku Joni. Bungwe la Wenela linkalemba anthu opita ku Joni, la Mthandizi linkalemba opita ku Southern Rhodesia, ndipo ena ankangodziyendera paokha. Amene sanabwerenso anatchedwa matchona. Amene anabwera anayenera kuonetsa kuti sanapite kukasewera, ndipo umboni wake unali njinga, bulangete, suti, makina osokera ndi galamafoni. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Apa mlendoyo anali mwana wa m'mudzi momwemo.

Galamafoni ya nthawi imeneyo sinkafuna magetsi kapena mabatire, ndipo n'chifukwa chake inakwanira bwino kumudzi. Inali ngati kasutikesi. M'kati mwake munali sipuling'i yaitali imene mwini wake ankaikunga popukusa chogwirira cha m'mbali. Sipuling'iyo ikamamasuka inkazungulitsa mbale ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo timiyala tachitsulo tozungulira m'katimo tinkailetsa kuthamanga mopitirira. Mbali imodzi ya mbale inkatha pa mphindi zitatu zokha. Mwini wake akachita ulesi popukusa, nyimbo inkafooka isanathe, woimba n'kumamveka ngati akusinza, ana n'kufa nazo kuseka.

Mbale zake zinkapangidwa ndi utomoni wouma wochokera ku tizilombo tina ta ku India. Zinali zolemera koma zosachedwa kusweka, kotero kuti kuzifikitsa zamphumphu kuchokera ku Joni, pa sitima, pa lole, kenaka wapansi m'zitunda zotsetsereka za ku Ntchisi, inali ntchito yofuna mtima. Vuto lina linali singano. Zinali zachitsulo, zogulitsidwa m'timabokosi, ndipo lamulo la opanga linali lakuti singano imodzi iimbe mbali imodzi basi, kenaka itayidwe. Munthu wokhala kutali ndi sitolo za Amwenye sakanatha kutsata lamulo lotere. Singano yobuntha inkabwerezedwa kapena kunoledwa pamwala, ndipo inkapala kanjira ka mawu monga khasu lipalira mzere. Mbale yokondedwa kwambiri ndiyo inkayamba kufa.

Kwa Akhristu a mishoni za Adatchi, monga ya ku Mvera imene inayamba mu 1889 ndi ya ku Kongwe ya mu 1894, kabokosi aka kanali kovuta kukaweruza. Mpingo unkaletsa mowa ndi magule, koma galamafoni inkaimba nyimbo ya Mulungu ndi nyimbo yovina mosasankha, malinga ndi mbale imene yaikidwapo.

Kwa nthawi yaitali mapiriwa ankangomvera mawu a eni ake a kutali. Mbale zambiri zinkachokera ku makampani a ku Johannesburg monga Gallo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 zinabweretsa kwela, nyimbo za kachitoliro zimene Spokes Mashiyane anatchuka nazo. Kuyambira mu 1949 kunabweranso wayilesi yotsika mtengo yooneka ngati poto, imene inkagwira nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, kumene ankalankhulanso Chinyanja. Koma mu 1950, 1957 ndi 1958 zinthu zinatembenuka pamene Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anayendera Nyasaland ndi makina ojambulira mawu ndi injini yakeyake yamagetsi. Mwa malo amene anaima mu 1958 panali Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi. Kumeneko anajambula nyimbo za Achewa a m'midzi yozungulira, anthu amene sanaganizepo kuti mawu awo angalowe m'mbale.

Zojambulazo zinapita ku International Library of African Music, nkhokwe ya nyimbo imene Tracey anaikhazikitsa mu 1954 ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg, ndipo zinatuluka pa mndandanda wa mbale zoposa 200 wotchedwa Sound of Africa. Pali mfundo yowawa pang'ono pamenepa. Gawo la ndalama zoyendetsera nkhokweyo linachokera kwa eni migodi, omwe aja ankatenga amuna a m'midzi imeneyi. Ndiponso mbalezo sizinali zogulitsa m'sitolo za ku Mponela kapena ku Malomo. Zinapita ku masukulu aukachenjede ndi nyumba zosungira mabuku za maiko ena. Ngakhale zili choncho, pakadapanda ulendo umenewo mawu a agogo a ku Visanza akadapita ndi mphepo. Tracey atamwalira mu 1977, nkhokweyo inasamukira ku Rhodes University mu 1978, ndipo nyimbozo zikusungidwa komweko.

Pamene izi zinkachitika, mbale nayo inali itasintha. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale yaikulu yapulasitiki yozungulira ka 33⅓ pa mphindi, yotha kuimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo mu 1949 kampani ya RCA Victor inatulutsa kambale kakang'ono kozungulira ka 45. Mbale zimenezi sizinkasweka wamba, koma zinkapindika zikakhala padzuwa, ndipo sizikanapirira singano yachitsulo. Zinafuna makina amagetsi kapena amabatire. Ku Malawi makina otere, okhala ndi zokuzira mawu zazikulu, anapatsidwa dzina lotsanzira kulira kwake: gumbagumba. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 gumbagumba ndiye anali mfumu ya pa ukwati ndi pa mowa wogulitsa, akuimba simanjemanje wa ku Joni ndi kanindo wa ku Kenya. M'kati mwake, kainjini kankazungulitsa mbale kudzera pa kagudumu karaba kapena pa kalamba. Raba ikatha kapena mabatire akafooka, nyimbo inkayambanso kudzandira monga kale.

Yankho lenileni la vuto la liwiro linachokera ku Japan. Mu 1970 kampani ya Matsushita, mwini dzina la Technics, inayamba kugulitsa makina otchedwa SP-10, opangidwa motsogozedwa ndi mmisiri Shuichi Obata. Nzeru yake inali yochotsa mkhalapakati. M'malo mwa kainjini kothamanga kolumikizidwa ndi lamba, anaika injini yoyenda pang'onopang'ono pansi penipeni pa chitsulo chokhalapo mbale, kotero kuti injini ndi chitsulocho zimazungulira ngati chinthu chimodzi. Njira imeneyi imatchedwa direct-drive. Mu 1972 kunatuluka SL-1200, ndipo mtundu wake wachiwiri wa mu 1979 unkayeza liwiro lake ndi kamwala ka quartz konga ka m'wotchi. Nyumba zoulutsira mawu zinakonda makina otere chifukwa amafika pa liwiro loyenera nthawi yomweyo, ndipo anyamata oimbitsa mbale ku New York anawakonda chifukwa ankatha kugwira mbale ndi dzanja, kuibweza m'mbuyo, injini osafooka.

Koma makina abwinowa anafika mochedwa kwa anthu a m'mapiri. Anali okwera mtengo, ndipo ankafuna magetsi amene midzi inalibe. Kuwonjezera apo, njira imene mbale zinkadzera inatsekeka. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ulendowo unatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu ankati Theba, koma opita anali ochepa, ndipo unathera mu 1988. Obwera m'zaka zomalizazo sankasenzanso mbale. Ankabwera ndi wayilesi ya kaseti. Kaseti, imene kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963, inkalowa m'thumba, sinkadumpha munthu akavina pafupi, ndipo aliyense ankatha kujambulirapo nyimbo ya mnzake. Motero Dowa ndi Ntchisi anachoka pa gumbagumba n'kulumphira pa kaseti, makina a direct-drive osawalawa n'komwe.

Nkhani ya makinawa sinathere pomwepo. Technics inaleka kupanga SL-1200 mu 2010, koma anthu okonda mbale atachulukanso m'maiko ambiri inayambiranso mu 2016. Kwa mphunzitsi, wosunga mbiri kapena mdzukulu amene wapeza mbale m'bokosi la malemu agogo ake, kusankha makina si nkhani ya ulemerero, pakuti mbale yakale ikapalika palibe kopeza ina. Makina alamba ali ndi ubwino wake, chifukwa lambayo amameza kunjenjemera kwa injini. Koma raba imauma ndi kutentha, ndipo lamba watsopano sapezeka pafupi. Apa ndi pamene direct-drive imapambana. Yabwino imadziwika ndi chitsulo cholemera chosagwedezeka, ndi injini yosamveka kulira munthu akatchera khutu. M'mphepete mwa chitsulocho mumakhala timadontho. Kanyali kake kakayaka, timadonthoto tiyenera kuoneka ngati taima, ndipo tikamasendera ndiye kuti liwiro lalakwika. Mkono wonyamula singano uyenera kukhala ndi poukhazikira kulemera, chifukwa singano ya masiku ano imafuna kupsinja mbale ndi magalamu awiri okha kapena kuyandikira pamenepo, pamene mutu wa galamafoni unkaposa magalamu 100. Wogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito ayeneranso kuona mphamvu ya magetsi: a ku Malawi ndi 230V, pamene a ku Japan ndi 100V.

Mbale za 78, zija anabwera nazo amuna a Wenela, zili ndi zofuna zake. Makina ambiri a direct-drive, kuphatikizapo SL-1200 yakale, amangodziwa 33⅓ ndi 45, choncho pamafunika mtundu wokhala ndi liwiro lachitatulo, ndiponso singano yonenepa yolingana ndi kanjira kake kotakata. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: ya 78 ndi yolemera ndi youma gwa, pamene yapulasitiki imapindika pang'ono m'manja. Fumbi la zaka zambiri limachotsedwa ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, mopukuta motsata kanjira. Sipiriti kapena kachasu siziyenera kuyandikira mbale ya 78, chifukwa zimasungunula utomoni uja pamodzi ndi mawu amene ali m'menemo.