To Kill a Mockingbird: Chilungamo, Tsankho ndi Chifundo

To Kill a Mockingbird ndi buku la nthano yaitali limene analemba Harper Lee, mayi wa ku America, mwana wa loya, amene anabadwira m'tauni ya Monroeville m'chigawo cha Alabama m'chaka cha 1926 namwalira mu 2016. Bukuli linatuluka mu 1960, pa nthawi imene anthu akuda a kummwera kwa dzikolo anali kulimbana ndi malamulo owapatula m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera. Chaka chotsatira linapata mphotho ya Pulitzer, ndipo kufikira lero liwerengedwa m'sukulu zambiri za sekondale za ku America ndi maiko ena. Dzina lake lichokera ku mbalame ina ya kumeneko, yoimba mokoma ndi yosaononga za m'munda, imene iimira munthu wosachimwa.

Nkhaniyi ichitikira m'tauni yopeka ya Maycomb m'zaka za 1933 mpaka 1935, umphawi utagwira dziko lonse, ndipo woisimba ndi kamtsikana, Scout Finch. Bambo ake, a Atticus, omwe anali loya, anapatsidwa ntchito yoimira Tom Robinson, munthu wakuda amene anamunamizira kuti anagwiririra Mayella Ewell, mwana wa mzungu wosauka ndi chidakwa.

Mtima wa bukuli uli m'bwalo la milandu. Anthu akuda atakhala paokha m'chipinda cha m'mwamba, a Atticus anaonetsa poyera kuti mabala a Mayella anali kumanja kwa nkhope, monga amenyera munthu wamanzere. Anaonetsanso kuti bambo ake a mtsikanayo, Bob Ewell, analemba dzina lawo ndi dzanja lamanzere pamaso pa woweruza. Ndi kuti mkono wamanzere wa Tom unafota kalekale, utagwidwa ndi makina opuntha thonje iye akali mwana. Umboni wotere ukadamasula munthu ngakhale pa bwalo la nyakwawa. Koma pamene Tom anafunsidwa chimene ankathandizira Mayella ntchito za pakhomo popanda malipiro, nayankha kuti anamumvera chisoni, pomwepo mlandu unamugwera, pakuti m'maso mwa azungu a masiku amenewo, wakuda womvera chisoni mzungu anali wodzikweza, wofuna kuima pamwamba pa iwo. Amuna 12 ogamula mlanduwo, azungu okhaokha, anamupeza wolakwa, ndipo pambuyo pake alonda a ndende anamuwombera zipolopolo 17 iye akuyesa kuthawa. Wophunzira wofuna kumvetsa tsankho m'bukuli ayambire pa yankho limenelo la Tom.

Chifundo chioneka kwambiri pa Boo Radley, mnansi wobindikira m'nyumba, amene ana a Atticus ankamuyesa chilombo, chonsecho ndiye ankawaikira timphatso m'mphako ya mtengo, ndiponso ndiye anawapulumutsa usiku umene Bob Ewell anawalalira ndi mpeni. A Atticus ankaphunzitsa ana awo kuti asaweruze munthu asanalingalire za m'moyo wake. Akulu a kwathu akadangoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sikuti bukuli lilibe pokayikitsa. Ambiri adandaula kuti anthu akuda, amene tsoka lonse ligwera, alankhula pang'ono chabe: za mumtima mwa Tom, mwa mkazi wake Helen, kapena mwa Calpurnia wophika pa banja la a Finch, sitizimva kwenikweni, ndipo ulemu wonse upita kwa mzungu wowaimira. Dandaulo limeneli nlomveka, ndipo mphunzitsi wanzeru aliika pamaso pa ophunzira, nawakumbutsanso za mlandu weniweni wa Scottsboro wa mu 1931, pamene anyamata akuda 9 ananamiziridwa mlandu wofananawo m'chigawo chomwecho cha Alabama. Sukulu zina zalichotsa pa mndandanda wa mabuku chifukwa cha mawu otukwana anthu akuda opezekamo, monga zinachitikira ku Biloxi, m'chigawo cha Mississippi, mu 2017.

Mu 2015 munatuluka buku lina la Harper Lee, Go Set a Watchman, limene analilemba lisanatuluke loyambalo. M'menemo a Atticus aoneka ali nkhalamba yogwirizana ndi malamulo opatula anthu akuda.