Dzina la chovala tingabwereke, koma kuthina n'kwathu

Masiku a malipiro a m'maesiteti a tiyi, makonde a atelala ku Khonjeni kwa Kapichi amadzaza, ndipo makina amalira mpaka dzuwa kulowa. Wofuna kudziwa kumene Chichewa chathu chikulowera akaime pamenepo atchere khutu. Adzamva mnyamata akuti, "Atelala, thalauzali silikundifita, lili taiti m'westi, mulipange luzi pang'ono." Telala amamva, ndipo ntchito amaigwira bwino. Koma m'chiganizo chimodzichi mwatayika mawu anayi amene agogo a mnyamatayo amawadziwa: kukwana, kuthina, chiuno ndi kukhwefula. Thalauza tidabwereka chifukwa chovalacho chidadza ndi alendo. Nanga kuthina tikubwerekeranji, pamene zovala zidayamba kutithina Chingerezi chisanafike kuno?

Ndasankha kufotokoza nkhaniyi kudzera pa chovala chimene ambiri kwathu kuno sanachivalepo, kiliti ya ku Scotland, chifukwa chinthu chachilendo ndicho chimayesa chinenero. Achinyamata akuiona pa intaneti, ndipo nthawi zina imatuluka m'mabelo a kaunjika, amayi n'kuigula poyesa siketi. Dziko limene idachokera si lachilendo kwa ife. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876 ndi anthu a ku Scotland, ndipo dzinalo ndi la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Esiteti ya Satemwa kuno ku Thyolo adaiyambitsa mu 1923 ndi Maclean Kay, wa komweko. Ngakhale nsalu ya mizere yopingasana ija, ambiri timaitcha sikochi osaganizanso kumene dzinalo lidachokera. Wina mwa alendo omwewa, David Clement Scott, adasindikiza mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892. Iye adakhala pansi n'kumafunsa makolo athu dzina la kanthu kalikonse. Ife eni ake tikutaya zimene mlendo adatola.

Tiyambe ndi dzina. Tilibe chovala chofanana ndi kiliti ndendende, choncho kubwereka n'koyenera, bola mawuwo alowe m'nyumba mwaulemu. Tinene kuti kiliti, monga tidachitira ndi siketi ndi jekete. Imodzi ndi kiliti yanga, zambiri ndi makiliti anga. Palibe chovuta pamenepa, pakuti lilime lathu lidazolowera kale kulandira mayina otere ndi kuwapatsa agwirizanitsi awo.

Chimene ndikukana ndi kuitcha siketi ya amuna. Siketi munthu amalowamo n'kukoka zipi. Kiliti salowamo, amaizunguliza m'chiuno, mbali imodzi n'kudutsa pamwamba pa inzake kutsogolo, kenaka n'kumanga ndi timalamba tachikopa m'mbali. Kumbuyo kwake ndi kopindapinda, kutsogolo n'kosalala. Pa kavalidwe, mbale wake ndi chitenje. Komanso dzina loti siketi ya amuna limanamiza ana kuti mwamuna wa kuno sadamangepo nsalu m'chiuno. Makolo ankamanga nyanda ndi thewera, ndipo madoda ankayenda ndi chilundu popanda wowaseka. Angoni povina ngoma amavala zibiya zachikopa. Alozi a ku Zambia ali ndi siziba, imene amuna amatchena nayo pa mwambo wa Kuomboka. Ndipo amene adadzukapo m'mawa kudutsa m'minda ya tiyi adaona amuna othyola masamba, dengu kumsana, atadzikulunga pulasitiki kapena chiguduli kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, kuti mame ndi nthambi zisawaonongere thalauza. Palibe kapitawo amene amati anthu ake avala masiketi.

Apa ndi pamene aneni athu amaonetsa kulemera kwawo. Kuvala ndi mneni wa zonse, koma sikutanthauza kuti ena aja ndi opanda ntchito. Chitenje timamanga. Bulangete timafunda. Malaya timapisira m'thalauza. Manja a malaya timapinda tikafuna kugwira ntchito, ndipo mwana timam'bereka ndi mbereko. Munthu wonena kuti wavala bulangete tikhoza kumumva, koma tidziwa kuti china chake chasowa. Kiliti nayo tinganene kuti munthu waivala, koma pofotokozera wina kachitidwe kake, mneni wolondola ndi kumanga, ndipo pochotsa amayamba wamasula asanavule.

Tsono tifike pa muyezo. Pali mawu awiri amene akusokonezedwa kwambiri, m'makalata ngakhale pa wailesi: kuyeza ndi kuyesa. Telala amakuyezani ndi tepi, monga mmene kalaliki amayezera masamba a tiyi pa sikelo. Chovala chikatha, inu mumachiyesa kuti muone ngati chakukwanani. Kuyeza kumatulutsa nambala, kuyesa kumatulutsa chigamulo. Amene akuti akupita kwa telala kukayesa thupi wanena zina, ndipo amene akuti akuyeza malaya atsopano pagalasi wanenanso zina. M'madera ena katchulidwe kamayandikana, ndipo pocheza palibe mlandu. Koma polemba, chilembo chimodzicho chisungidwe.

Kiliti imafuna miyezo itatu, ndipo uliwonse uli ndi mawu ake m'Chichewa. Woyamba ndi wa pamene chovalacho chimangidwire. Mawu oti chiuno ndi otakata, choncho tiziwathandiza. Kiliti yamwambo imamangidwa m'mwamba, pa mchombo. Yamakono, yongoyendera masiku wamba, ambiri amaimanga m'munsi pang'ono, pamene pamadutsa lamba wa thalauza. Munthu akauza telala kuti pa mchombo kapena podutsa lamba, wanena zomveka kuposa amene wangoti westi. Ndipo nambala yolembedwa pa kansalu ka m'kati mwa thalauza lanu musaikhulupirire. Makampani osoka zovala salemba mofanana, ndipo kawirikawiri nambalayo imachepa poyerekeza ndi imene tepi ingakuuzeni.

Muyezo wachiwiri ndi wa m'munsi mwa chiuno, ponenepa penipeni. Pano ndimawamvetsa atelala amene amathawira ku mawu oti hipi. Mnyamata wa makina sangatchule matako pamaso pa bambo wamkulu kapena mayi wa msinkhu wa amayi ake. Koma ulemu wa Chichewa uli ndi njira zake zozungulira. Tikhoza kunena kuti pokhalira, kapena kuti kumbuyoku, ndipo wamkulu aliyense adzamva popanda kuchita manyazi. Kuthawira ku Chingerezi pofuna ulemu kukuphunzitsa ana kuti chinenero chawo n'chamwano, pamene chili ndi ulemu wochuluka kuposa umene akuugwiritsa ntchito.

Wachitatu ndi kutalika, kuchokera pomangira kufika pakati pa bondo. Muyezo uwu munthu sadziyeza yekha, chifukwa akawerama kuti aone tepi, thupi limafupika ndipo nambala imanama. Aime chilili, maso kutsogolo, wina amuyeze. Ena amagwada pansi, msana uli woongoka, n'kuyeza kuchokera pomangira mpaka pafupi ndi pansi. Tiziti kutalika kwa chovala, koma msinkhu wa munthu. Chovala chilibe msinkhu. Akuluakulu akukumbukira kuti bondo lomweli lidakhalapo nkhani ya boma. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala thalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, mpaka lidachotsedwa mu 1993. Anthu a nthawi imeneyo ankadziwa bwino kusiyana kwa kulekeza m'mawondo, kuphimba mawondo ndi kufika m'misongolo, popeza kulakwitsa kunali ndi zotsatira zake.

Pa mawu onse, amene akundiwawa kwambiri ndi kufita, chifukwa mawu amodziwa akumeza mawu asanu ndi limodzi. Chovala chimachepa kapena chimakula, ndipo apa tikunena za chonse. Chimathina kapena chimakhwepa, ndipo apa tikunena za malo amodzi, kotero kuti malaya akhoza kukhala aakulu bwino koma n'kumathina m'khosi. Kenaka pali kukwana ndi kukhala. Chovala chikakukwanani ndiye kuti muyezo uli bwino. Chikakukhalani ndiye kuti mwaoneka bwino, chagwirizana ndi thupi lanu, khungu lanu ndi mayendedwe anu. Chikhoza kukukwanani koma osakukhalani. Mkazi akauza mwamuna wake kuti, "Bambo, jeketeyi yakukwanani koma sinakukhaleni," wanena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mwamunayo amadziwa kuti kubwerera nayo kwa telala sikuthandiza. Mawu oti kufita sangathe kunena zimenezi.

Pa kiliti kusiyanaku kumaoneka ndi maso. Ikathina pokhalira, zopinda zakumbuyo zija zimayasama m'malo mogona mwadongosolo. Ikakhwepa pomangira, imatsetsereka ndipo kutsogolo kumapendekeka. Timalamba tija tili ndi mabowo angapo, choncho munthu akhoza kukhwefula kapena kumangitsa pang'ono, koma sitingapulumutse chovala chimene chidachepa kuchokera pa tepi.

Za nsalu ndinene mwachidule. Kiliti yamwambo imasokedwa ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yotalika pafupifupi mayadi 8, pamene yamasiku wamba imadya mayadi 5 kapena kucheperapo, ndipo nthawi zambiri ndi ya thonje kapena ulusi wa m'fakitale, ina ili ndi matumba m'mbali. Yaubweya ingathandize m'chiperoni cha mu June ndi July, koma mu October munthu angaivule yekha. Pofotokoza izi tili ndi mawu okwanira: yolemera, yopepuka, yokhuthala, yopyapyala, yofunda. Makolo ankayeza nsalu ndi mkono, kuchokera pa chigongono kufika ku nsonga ya chala, ndiponso mkwamba, manja onse atatambasulidwa. Mkwamba umodzi ndi pafupifupi mayadi 2, ndiye kuti kiliti yamwambo ndi mikwamba inayi. Sindikunena kuti telala ataye tepi n'kubwerera ku mkwamba. Mainchesi ndi mamita tidalandira, ndipo akutithandiza. Ndikungofuna kuti mwana wa sukulu akamva mawu oti mkwamba asayese kuti ndi dzina la mtengo.

Ena adzati chinenero chimasintha, ndipo n'zoona. Kuno ku Thyolo Chimang'anja, Chilhomwe ndi Chichewa zakhala zikubwerekana mawu kwa zaka zambiri m'minda ya tiyi ndi m'misika ya Luchenza ndi Bvumbwe, ndipo palibe chidaonongeka. Kubwereka kumalemeretsa pamene kwabweretsa chimene tinalibe, monga tepi, zipi, batani ndi kiliti yomweyi. Kumasaukitsa pamene mawu amodzi obwera athamangitsa asanu ndi limodzi a pakhomo. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Akatswiri a kumeneko akhoza kulemba mawu m'mabuku, koma sangawaike m'kamwa mwa anthu. Mawu a zovala amakhala ndi moyo pa khonde la telala, pa mulu wa kaunjika ndi m'nyumba pamene mayi akuveka mwana.

Choncho pempho langa likupita kwa inu atelala, makamaka amene muli ndi anyamata ndi atsikana ophunzira ntchito pambali panu. Kasitomala akati chovala sichikumufita, mufunseni kuti chathina pati, chakhwepa pati, chachepa kapena chakula. Mudzasoka bwino chifukwa mwamva bwino, ndipo wophunzira wanuyo adzatenga mawuwo pamodzi ndi luso la singano.