Nyumba Igulidwa, Nthaka Sigulidwa

Ife a ku Milange tiona tauni yathu ikukula caka ndi caka. Pamene tinali kulima cimanga kale, lero pali nyumba za njerwa ndi malata. Amalonda afuna kukhala pafupi ndi malire, kuti m'mawa apalase njinga kupita ku Muloza, madzulo abwerere kwao. Motero tsiku lililonse timva kuti uje wagula nyumba, uje wagulitsa malo. Kodi munthu akapereka ndalama amagula ciyani kwenikweni? Tiyeni tione mbiri yace.

M'nthawi ya atsamunda Acipwitikizi, nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri la Tumbine inali ya makampani a tiyi. Nyumba za njerwa za m'tauni zinali za azungu a boma ndi eni masitolo. Makolo athu anagwira cibalo, ndipo ambiri anathawira ku Mulanje ndi ku Thyolo. Munthu wakuda anamanga nyumba ya mwini, osagonamo.

Pa 25 Juni 1975 tinalandira ufulu. Pa 24 Julayi caka comweco, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nthaka yonse iri m'manja mwa Boma. Pa 3 Febuluwale 1976 analengezanso za nyumba. Nyumba zonse zobwereketsa ndi zimene eni ace anazisiya zinakhala za Boma. Munthu analoledwa kusunga nyumba yokhalamo iye mwini, ndi inanso yopumuliramo, koma kudyera lendi kunatha. Bungwe la APIE ndilo linasunga nyumbazo ndi kutolera lendi. Anchito ambiri a ku Quelimane ndi ku Maputo analowa m'nyumba zimene kale anali kungosesamo. Koma tinene zoona: lendi inali yocepa, ndalama zokonzera zinasowa, ndipo nyumba zambiri zinayamba kudontha.

Kenaka inafika nkhondo. M'caka ca 1986 asilikali a Renamo analanda Milange. Anthu anaoloka malire ndi katundu pamutu. Asilikali a Boma anabwezanso tauniyi mu 1988, koma anapeza mabwinja, nyumba zopanda denga ndi zitseko. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo othawa anayamba kubwerera. Apa ndipo panabuka milandu. Wina afika, apeza mlendo wamanga pamalo pace. Pepala alibe, linapsa kapena silinalembedwe konse. Mboni zinali mfumu, anansi, mitengo ya mango imene bambo anabzala, ndi manda a agogo.

Kuyambira 1991, lamulo linalola a Mozambique okhala m'nyumba za Boma kuti azigule. Mu 1997 munatuluka Lamulo la Nthaka. Lamulo limeneli linena kuti nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo siikidwa cikole. Munthu alandira ufulu woigwiritsa nchito, wochedwa DUAT. Wokhala pamalo monga mwa mwambo, kapena wokhalapo zaka 10 ndi mtima woona, ali nao ufuluwo ngakhale alibe pepala. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ulandiridwa. Mwana wamkazi alowa colowa monga mwana wamwamuna. Amayi, mau amenewa tiwagwire bwino, pakuti amasiye ambiri apirikitsidwa ndi alamu ao posadziwa.

Tsono cimene tigula ndi nyumba, citsime, mitengo ndi zina zimene munthu anaika pamalopo. M'tauni, nyumba ikagulitsidwa mwa lamulo, ufulu wa malo utsata nyumbayo. Milange inakhala ndi khonsolo yaceyace mu 1998, ndipo nkhani za malo a m'tauni zipita kumeneko. Koma tonse tidziwa zocitika kuseri. Munthu agulitsa malo apululu, abzalapo nthoci ziwiri, nati ndagulitsa nthoci. Wina agulitsa malo amodzi kwa anthu awiri. Winanso akondwa ndi mtengo wotsika wa pamtsetse wa phiri, naiwala kuti mu Januwale 1998 madzi ndi miyala zinagumuka ku Tumbine ndi kupha anthu ambiri.

Pogula nyumba tifunse anansi ndi mlembi wa dera. Tifunsenso ngati mkazi wa wogulitsayo wabvomera. Mapepala alembedwa m'Cipwitikizi, ndipo ambiri a ife tinadinda cala pa mau amene sitinawawerenge. Sabata yamawa aliyense amene ali ndi pepala la nyumba yace abwere nalo m'kalasi, tidzaliwerenge pamodzi.