ISM Code

ISM Code ndi malamulo a mayiko onse onena za mmene makampani a sitima zapanyanja ayenera kuyendetsera ntchito yawo kuti apewe ngozi ndi kuipitsa nyanja. Anakhazikitsidwa mu 1993 ndi bungwe la IMO, lomwe ndi nthambi ya United Nations ndipo likulu lake lili ku London. Malamulowa ali m'mutu 9 wa pangano la SOLAS.

Mbiri

Pa 6 March 1987 sitima ya Herald of Free Enterprise inagubuduzika itangonyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium kupita ku Dover, ndipo anthu 193 anafa. Zitseko zakutsogolo, zolowera magalimoto, zinali zosatseka, moti madzi anakhamukira mkati. Munthu amene anayenera kuzitseka anali mtulo m'chipinda chake. Koma kafukufuku wa boma la Britain sanathere pa iye. Anapeza kuti kaputeni analibe njira yoonera zitsekozo ali pamalo oyendetsera, ndiponso kuti makaputeni anali atapemphapo kale magetsi osonyeza ngati zatsekedwa, koma akuluakulu a kampani sanalabadire. Vuto lenileni linali kumtunda, m'maofesi.

Malamulowa anayamba kugwira ntchito pa 1 July 1998 pa sitima zonyamula anthu, mafuta ndi katundu wosapakira monga malasha. Sitima zina zikuluzikulu za katundu zinatsatira pa 1 July 2002.

Zimene amafuna

Kampani iyenera kulemba ndondomeko ya kagwiridwe ka ntchito, kakonzedwe ka makina ndi zoyenera kuchita pakagwa ngozi. Iyeneranso kusankha munthu kumtunda amene ogwira ntchito m'sitima angamuuze madandaulo awo, ndipo iye akhale ndi mwayi wofika kwa mabwana aakulu mwachindunji. Kaputeni ali ndi mphamvu zomaliza pa nkhani ya chitetezo.

Kampani imalandira chiphaso chotchedwa Document of Compliance, ndipo sitima iliyonse imalandira Safety Management Certificate. Zonse ziwiri zimatha mphamvu pakapita zaka 5. Oyendera sitima m'madoko angathe kuiletsa kunyamuka akapeza zolakwika zazikulu.

Chodandaulitsa n'chakuti mapepala amachuluka, ndipo fomu ikhoza kusainidwa ntchitoyo isanachitike. Sitima ya Costa Concordia inagunda mwala ku Italy mu January 2012, malamulowa akugwira kale ntchito, ndipo anthu 32 anafa.

Chitetezo ku zigawenga chili m'malamulo ena, a ISPS, omwe anayamba pa 1 July 2004.