Bellone, Combo Cimene Sicinagonje pa Nyanja

Madzi ambiri amene anthu a ku Kabwata ndi ku Woodlands amatunga pa mpopi amacokera mu mtsinje wa Kafue. Otsalawo amapitirira nathira mu Zambezi, ndipo Zambeziyo amakathira m'nyanja yamcere imene iri pakati pa Mozambique ndi Madagascar. M'nyanja imeneyo, m'caka ca 1810, munayenda combo ca nkhondo ca Afalansa, dzina lace Bellone.

Combo cimeneci cinali camatabwa, copanda injini, coyenda ndi matanga pokankhidwa ndi mphepo, ndipo cinanyamula mizinga ngati 40. Cinanyamuka ku France mu January 1809, masiku a Napoleon, ndi mtsogoleri wace Duperré, kunka ku cisumbu ca Mauritius, cimene Afalansa ankacicha Isle de France. Nchito yace inali kufunkha zombo zamalonda za Angerezi pa njira ya ku India. Cisanathe caka cinagwira Victor, combo ca Angerezi, ndi Minerva ca Apwitikizi, ndipo zonse ziwiri zinasanduka zothandiza Afalansa.

Pa 3 July 1810, pafupi ndi zisumbu za Comoro, zombo zitatuzi zinakomana ndi zombo zitatu za Angerezi zonyamula asilikali. Windham ndi Ceylon zinagwidwa. Astell cinapulumuka mumdima.

Nkhondo yaikuru inadza mu August, pa dooko la Grand Port ku Mauritius. Polowera pace nkopapatiza, ndipo pansi pa madzi pali matanthwe obisika, amene mlendo sangawadziwe. Angerezi analowa ndi zombo zinai molimba mtima, kapena tinene mosasamala. Sirius ndi Magicienne zinatsakamira pa matanthwe, ndipo eni ace anazitentha okha kuti mdani asazilande. Nereide cinatsala cokha kutsogolo kwa mizinga ya Bellone kufikira usiku, ndipo mwa anthu ace anacepa amene sanaphedwe kapena kulasidwa. Iphigenia cinadzipereka patapita masiku owerengeka. Duperré analasidwa kumaso, koma anapambana, ndipo dzina la Grand Port linalembedwa pa Arc de Triomphe ku Paris.

Koma combo sicingateteze cisumbu kwa adani amene atsika kale pamtunda. Pakutha pa November Angerezi anabwera ndi asilikali zikwizikwi, natsikira kumpoto kwa cisumbuco. Pa 3 December kazembe Decaen anagonja, ndipo Bellone cinaperekedwa ciri cimangire padooko. Angerezi anacipatsa dzina lina, Junon, nagwira naco nchito kufikira 1817, pamene anaciphwasula.

Pali anthu ena amene mabuku a nkhondo sawachula kawirikawiri. Minda ya cisumbu cimene Bellone cinkalondera inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri a iwo anagulidwa ku madooko a Mozambique ndi Quelimane. Pakati pao panali Amakua, Ayao ndi Amaravi, anthu oyenda miyezi kucokera kumtunda ali m'magoli. Kumeneko onse ankangochedwa "Mozambique", mitundu yao ndi mafuko ao osafunsidwa. Kwa iwo kusintha kwa mbendera sikunamasule cingwe. Ngakhale Angerezi analetsa malonda a akapolo mu 1807, zombo zinapitirirabe kuwabweretsa mobisa, ndipo ukapolo pa Mauritius unatha pa 1 February 1835, patapita zaka 18 ciphwasulire Bellone.