Mabuku a Apolisi, Kafukufuku ndi Danga la Mtundu

Ku England ndi Wales, funso lakuti ndi anthu angati anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana chaka chatha lili ndi mayankho awiri a boma, ndipo sagwirizana. Loyamba limachokera m'mabuku a apolisi. Lachiwiri limachokera ku kafukufuku wa Crime Survey for England and Wales, amene anayamba mu 1982 ndipo kuyambira 2012 akuyang'aniridwa ndi ofesi ya ziwerengero ya Office for National Statistics. Munthu asanayambe kukamba za mitundu ya ochitidwa nkhanzawa, adziwe kaye kumene nambala yakeyo waitenga.

Mlandu wolembedwa ndi apolisi ndi umene wina wakanena kupolisi, wapolisi n'kuulemba motsatira malamulo a unduna wa Home Office. Sizitanthauza kuti bwalo laweruza. Komanso si dandaulo lililonse limene limalowa m'buku. Mu 2014, oyendera ntchito za apolisi anapeza kuti pa milandu 100 yokhudza kugonana imene anthu anakanena, 26 sinalembedwe, ndipo chaka chomwecho ziwerengero za apolisi zinalandidwa chizindikiro chakuti n'zodalirika. Nambala ikakwera, mwina nkhanza zachuluka, mwina apolisi ayamba kulemba bwino, mwinanso anthu alimba mtima kuulula zakale, monga zinachitikira nkhani ya nkhanza zotere za Jimmy Savile itaphulika mu 2012. Mlandu wa zaka 30 zapitazo umawerengedwa m'chaka chimene walembedwa.

Kafukufuku uja sadikira munthu kupolisi, amamupeza pakhomo. Akafika pa mafunso ovutawa, wofunsa amapereka kakompyuta m'manja mwa woyankha kuti awerenge ndi kudina yekha, osatulutsa mawu. Chimene chimatuluka apa akatswiri amachitcha prevalence, kutanthauza kuti pa anthu 100 alionse ndi angati zinawachitikira. Amawerenga anthu, pamene apolisi amawerenga milandu. Kafukufukuyu ndiye anaonetsa kuti mwa ogwiriridwa 6 alionse, okanena kupolisi sakwana ndi mmodzi yemwe, ndipo ambiri anatchula manyazi kapena kukayika kuti apolisi angathandize. Naye ali ndi malire ake: amafika m'nyumba za mabanja zokha, kusiya andende, okhala m'nyumba zosungira okalamba ndi ophunzira ogona m'mahositelo.

Mayina a milandu amachokera m'lamulo la Sexual Offences Act la 2003. Limasiyanitsa kugwiririra, kulowetsa chala kapena chinthu m'thupi la wina iye asakufuna, ndi kumugwiragwira mosayenera. Phata lake ndi kuvomera: munthu wavomera ngati wasankha yekha, ali ndi ufulu ndiponso nzeru zosankhira. Woledzera mpaka kukomoka sanavomere. Tebulo la ziwerengero likaika zonsezi pamutu umodzi, woliwerenga asafulumire kunena kuti nambala yonseyo ndi ya ogwiriridwa.

Danga lolembamo mtundu wa munthu ndilo lofooka kuposa onse. Pali mtundu umene munthu wanena yekha, ndipo pali umene wapolisi walemba pongomuona nkhope. Kalembera wa 2021 anali ndi magulu 19, koma pofalitsa zotsatira nthawi zambiri amawapanikiza kukhala asanu: azungu, akuda, a ku Asia, obadwa kwa makolo a mitundu yosiyana, ndi ena otsala. Mayi wa ku Dedza wokhala ku Leeds amachonga kabokosi ka Black African limodzi ndi Msomali ndi Mnaijeriya, kenako pa tebulo lalikulu amasakanizidwanso ndi a ku Jamaica. Chilankhulo chake, zikalata zake zokhalira m'dzikomo, mantha ake oti akakanena banja limusala, zonsezo kabokosi sikanyamula. Nthawi zambirinso dangalo limangosiyidwa losalemba. Lipoti la Baroness Louise Casey la mu June 2025, lokhudza magulu a anthu ogona ana, linapeza kuti mwa ochita nkhanzazo atatu alionse, awiri mtundu wawo sunalembedwe.

Kafukufuku naye amavutika apa. Anthu a mitundu yochepa amene amafunsidwa pachaka ndi ochepa, choncho ofesi ya ziwerengero imaphatikiza zaka zingapo. Itaphatikiza zaka zitatu zothera mu March 2020, inapeza kuti akuda ndi obadwa kwa makolo a mitundu yosiyana anachitidwa nkhanzazi kuposa azungu ndi a ku Asia. Kusiyanako kunali kokulira moti sikukanangochitika mwangozi, chimene akatswiri amachitcha statistically significant, koma mawuwa sanena chifukwa chake. Gulu la obadwa kwa makolo osiyana lili ndi achinyamata ambiri, ndipo atsikana a zaka 16 mpaka 24 ndiwo amakumana ndi nkhanzazi kwambiri. Nambala yotsika nayo ingathe kutanthauza nkhanza zochepa, kapena anthu amene ngakhale kakompyuta sanakauze.

Ziwerengerozi zimathandiza boma kudziwa kofunika omasulira, aphungu ndi nyumba zothawirako. Kuzigwiritsa ntchito poweruza khalidwe la mtundu wa anthu n'kuzisenzetsa katundu amene sizingathe kunyamula.